Dzuwa, mchere wa m'nyanja zikuluzikulu ndi nyengo za makedzana

Mayi Nankhoma (Dedza Boma)
Ndikupereka moni kwa nonse a m'gulu lino. Ndabwera ndi funso limene anandifunsa mtsikana wina wa Fomu 3 Lachiwiri lapitali, tikuphunzira mmene madzi amachokera m'nyanja kupita kumitambo n'kubwereranso ngati mvula. Iye anati, popeza dzuwa ndilo limaphwetsa madzi n'kusiya mchere, kodi kalekale mphamvu ya dzuwa ikasintha, mchere wa m'nyanja zikuluzikulu unkasinthanso? Ndipo ngati unkasintha, kodi zimenezo zinkakhudza mvula ndi kuzizira kwa dziko? Ndinamuyankha kuti inde, koma nditafika kunyumba mtima wanga sunakhazikike, chifukwa mwana wofunsa chotere sayenera kupatsidwa yankho longomutseka pakamwa. Amene mukuzidziwa bwino nkhanizi, chonde ndithandizeni.

Bambo Mbewe (Lizulu)
Zikomo aphunzitsi, funso la mwanayu ndi lakupsa. Ndiyambire kukhitchini. Mukathira mchere woyenera m'ndiwo n'kuiwala mphika pamoto mpaka msuzi kuphwera, ndiwozo zimawawa mchere ngakhale simunawonjezeremo kanthu, chifukwa madzi achoka ndipo mchere watsala. Dzuwa limachita zomwezo panyanja. Kilogalamu imodzi ya madzi a m'nyanja zikuluzikulu imakhala ndi mchere pafupifupi magalamu 35, koma malo ndi malo zimasiyana. Nyanja Yofiira, imene yazunguliridwa ndi zipululu ndipo ilibe mtsinje waukulu wothiramo, imafika magalamu 40. Mediterranean ili cha pa 38, pomwe madera ambiri a Baltic, kumpoto kwa Ulaya kumene dzuwa ndi lofooka ndipo mitsinje ndi yambiri, safika n'komwe magalamu 10. Pa ikweta penipeni madzi sakhala amchere kwambiri ngakhale dzuwa limaswa mtengo, chifukwa mvula yamphamvu ya kumeneko imasukulutsa mcherewo. Mchere wambiri uli cha pa madigiri 20 mpaka 30 kumpoto ndi kumwera kwa ikweta, kumene kumwamba kumakhala koyera ndipo mphepo imanyamula nthunzi kupita nayo kwina.

Mayi Naphiri (Mtakataka)
Bambo Mbewe, ndikufunseni pomwepo. Kuno kunyanja dzuwa limawotcha kuposa kwanu kumapiri, ndipo ndinamva kuti madzi ambiri a nyanja yathu amatha ngati nthunzi. Nanga n'chifukwa chiyani madzi ake timamwa bwinobwino, osamva mchere?

Bambo Mbewe (Lizulu)
Munamva zoona mayi, gawo lalikulu la madzi amene Nyanja ya Malawi imataya limapita kumwamba. Komabe kagawo kamene kamatuluka ku Mangochi kudzera mu Shire n'kokwanira kukokolola mchere umene mitsinje monga Linthipe, Bua ndi Songwe imabweretsa kuchokera m'miyala ndi m'nthaka. Taonani Chilwa, imene ilibe potulukira: madzi ake ndi amchere, ndipo mcherewo umakula madzi akamachepa, monga zinachitikira pamene inaphwa mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018. Nyanja zikuluzikulu zili ngati Chilwa, zilibe Shire wake.

Mayi Naphiri (Mtakataka)
Ndiye kuti mchere wake ukungowonjezekabe chaka ndi chaka kuyambira pachiyambi?

Chikondi Maseko (wophunzira, kwathu ku Bembeke)
Ndiloleni ndiyankheko, makolo anga. Maganizo amenewo anali nawo ngakhale akatswiri akale. Edmond Halley mu 1715 ananena kuti mchere wa m'nyanja ungathe kutiuza zaka za dziko lapansi, ndipo John Joly mu 1899 anawerengetsa n'kupeza zaka pafupifupi 90 miliyoni. Lero tikudziwa kuti dziko lili ndi zaka pafupifupi 4.5 biliyoni. Chimene Joly sanachiwerengere n'chakuti nyanja imatayanso mchere: wina umalowa m'matope ndi m'miyala ya pansi pa nyanja, wina umatsalira m'madera amene nyanja inaphwa. Chitsanzo chachikulu ndi Mediterranean, imene pakati pa zaka 5.96 ndi 5.33 miliyoni zapitazo inatsekeka njira zake zolumikizana ndi Atlantic chifukwa cha kusuntha kwa nthaka. Dzuwa linaiphwetsa mpaka pansi pake panaunjikana mchere wokhuthala kuposa kilomita imodzi m'malo ena, ndipo sitima yofufuzira ya Glomar Challenger inaupeza itaboola pansi pa nyanjayo mu 1970.

Motero kuchuluka kwa mchere wonse kumasintha pang'onopang'ono kwambiri, m'zaka mamiliyoni. Chimene chimasintha msanga ndi malo amene madzi opanda mchere asungidwa. Zaka pafupifupi 21,000 zapitazo madzi oundana anakuta Canada ndi kumpoto kwa Ulaya, ndipo madzi amenewo anachokera m'nyanja ngati nthunzi, mchere n'kutsala. Nyanja zinatsika ndi mamita pafupifupi 120. Popeza kuya kwa nyanja pa avareji ndi mamita 3,700, madzi amene anachoka anali pafupifupi 3 peresenti, ndipo mchere unakwera kuchoka pa magalamu 35 kufika cha pa 36.

Mayi Nankhoma (Dedza Boma)
Zikomo Chikondi. Apa ndi pamene ndikufuna kumvetsa bwino ndisanabwerere m'kalasi. Kodi madzi oundanawo anachuluka chifukwa dzuwa linazilala?

Bambo Mbewe (Lizulu)
Ayi aphunzitsi, ndipo apa ndi pamene mwanayu ayenera kugwiritsa. Dzuwalo linkawala monga likuwalira lero. Chimene chinkasintha ndi kagawidwe ka kuwala kwake pa dziko, kuti dera liti lilandire kochuluka ndiponso m'miyezi iti. Munthu amene anawerengetsa zimenezi ndi manja kwa zaka zambiri anali Milutin Milanković wa ku Serbia, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Njira imene dziko limayenda pozungulira dzuwa nthawi zina imakhala yobulungira bwino, nthawi zina yotalikirako pang'ono ngati dzira, ndipo kusinthaku kumatenga zaka pafupifupi 100,000. Kupendekeka kwa dziko kumasinthasintha pakati pa madigiri 22.1 ndi 24.5 m'zaka 41,000. Lero kuli pa 23.4. Chachitatu ndi chimene amene tinasewerapo nguli tili ana timachimva msanga: nguli ikamazungulira mutu wake umapukusika pang'onopang'ono, ndipo dziko nalo limapukusika chimodzimodzi, kotero kuti mwezi umene timayandikira dzuwa umasuntha, n'kubwerera pamalo pake m'zaka 19,000 mpaka 23,000. Chilimwe cha kumpoto chikakhala chofooka, chipale cha m'nyengo yozizira sichisungunuka chonse, ndipo chaka ndi chaka chimasanjikizana mpaka kukhala mapiri a madzi oundana.

Bambo Ngozo (Tsangano)
Ine ndine mlimi wa kachewere, za kunyanja sindizidziwa, koma kuzizira ndikukudziwa bwino. Kuno mu June ndi July chisanu chimatha kuwotcha mbewu za kudimba. Kodi m'miyezi imeneyo ndi pamene tili kutali ndi dzuwa?

Chikondi Maseko (Bembeke)
Bambo Ngozo, zangochitika kuti m'nthawi yathu ino dziko limatalikira dzuwa kumayambiriro kwa July, makilomita pafupifupi 152 miliyoni, ndipo limayandikira kumayambiriro kwa January, makilomita 147 miliyoni. Komabe chisanu cha ku Tsangano gwero lake ndi kupendekeka kwa dziko ndi kukwera kwa malowo, paja mwezi wa July womwewo ku Ulaya kumakhala kukutentha. Mtundawu ntchito yake ndi kuwonjezera kapena kuchepetsa mphamvu ya nyengo. Zaka pafupifupi 11,000 zapitazo zinali zotembenuka: dziko linkayandikira dzuwa m'chilimwe cha kumpoto.

Bambo Mbewe (Lizulu)
Chikondi watitsegulira khomo la nkhani imene ine ndimaiona kuti ikuyankha funso la mwanayu kuposa zonse, chifukwa m'menemo dzuwa, mvula ndi mchere zikuoneka zitagwirana manja, ndipo zinachitikira mu Africa momwe muno. Pamene chilimwe cha kumpoto chinkalandira kuwala kochuluka ndi pafupifupi 7 peresenti kuposa lero, nthaka ya kumpoto kwa Africa inkatentha kwambiri kuposa nyanja, ndipo mphepo yachinyezi yochokera ku Atlantic inkakokedwa kulowa mkati mwenimweni mwa mtunda. Sahara inamera udzu, inali ndi mitsinje ndi madambo, ndipo Nyanja ya Chad inakula mowirikiza kambirimbiri kuposa mmene ilili lero. Nyengo yachinyeziyi inatha zaka pafupifupi 5,500 zapitazo.

Mvula yomweyo inkagwa yambiri ku mapiri a Ethiopia, ndipo Nile inkathira madzi ochuluka m'dera la kum'mawa la Mediterranean. Madzi a mtsinje ndi opepuka kuposa amchere, choncho ankayandama pamwamba ngati mafuta pa msuzi. Nthawi zonse madzi a pamwamba pa Mediterranean amati akaphwera n'kuzizira amalemera, amamira, ndipo amapita ndi mpweya wa okosijeni pansi. Atasukuluka ndi madzi a Nile analeka kumira, pansi pa nyanja panasowa mpweya, ndipo zomera ndi tizilombo takufa timene tinkagwera pansipo sitinkawola. Panatsala mzere wa matope akuda, umene akatswiri amautcha sapropel. Womaliza unapangika pakati pa zaka pafupifupi 10,000 ndi 6,000 zapitazo, koma pansi pake pali mizere ina yambirimbiri yotere, ndipo mipata yake ikugwirizana ndi kupukusika kwa dziko kuja. Martine Rossignol-Strick wa ku France ndi amene m'zaka za m'ma 1980 anaonetsa kugwirizana kwa mizereyi ndi mvula ya mu Africa. Ndikaganiza kuti mvula imene inagwa ku Ethiopia anthu asanadziwe kulemba inasiya chizindikiro chake pansi pa nyanja pafupi ndi chilumba cha Crete, ndimaona kuti phunziro ili n'loyenera kuliphunzitsa mosathamanga.

Mayi Nankhoma (Dedza Boma)
Izi zandikumbutsa zojambula za pamiyala za ku Tassili n'Ajjer ku Algeria, kumene pakati pa chipululu pali zithunzi za ng'ombe, nyamalikiti ndi mvuu. Ana athu amadziwa zojambula za ku Chongoni, ndiye ndikhoza kuyambira pamenepo kuti amvetse kuti miyala imasunga zimene anthu ankaona. Nanga kwathu kuno kupukusikako kunkachita chiyani?

Chikondi Maseko (Bembeke)
Nyanja yathu ili ndi umboni wake, mayi. Mu 2005 gulu la akatswiri, mmodzi mwa otsogolera ake ali Christopher Scholz wa ku Syracuse University, linaboola pansi pa Nyanja ya Malawi n'kutulutsa matope a zaka zoposa miliyoni imodzi. Matopewo anaonetsa kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunkabwera chilala choopsa mobwerezabwereza, ndipo pa nthawi yoipitsitsa madzi anatsika ndi mamita oposa 500, nyanja n'kutaya pafupifupi 95 peresenti ya madzi ake. Kuya kwa nyanjayi lero ndi mamita pafupifupi 700. Pa nthawi imeneyo Shire sinkatuluka, ndipo kanyanja kotsalako kanali kamchere. Akatswiriwo anagwirizanitsa zilalazi ndi nthawi imene njira ya dziko inali yotalikirako kwambiri, pamene kupukusika kumakhala ndi mphamvu yaikulu pa mvula ya m'madera otentha.

Mayi Naphiri (Mtakataka)
Ndikuyang'ana nyanja pakhomo panga pano ndipo zikundivuta kuganiza kuti malo onse amene amuna athu amaponya makoka anali mtunda wouma. Koma ndikuona kuti mwafotokoza mmene nyengo imasinthira mchere. Mwanayu anafunsanso ngati mcherewo umabwezera n'kusintha nyengo.

Chikondi Maseko (Bembeke)
Umabwezeradi, kudzera m'kulemera kwa madzi. Atlantic ndi yamchere kuposa Pacific, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti mphepo imanyamula nthunzi ya Atlantic kuwolotsa nayo Panama n'kukaigwetsa ngati mvula ku Pacific. Madzi otentha ndi amchere amenewa amayenda kumpoto ndi mtsinje wa m'nyanja wa Gulf Stream, amapereka kutentha kwawo ku mpweya wa kumpoto, ndipo akafika kufupi ndi Greenland ndi Norway amakhala atazizira ndi kulemera mokwanira kuti amire. Akamira amabwerera kumwera m'munsi mwa nyanja, ndipo ulendo wonse wozungulira nyanja za dziko umatenga zaka pafupifupi 1,000. Wallace Broecker wa ku Columbia University ndiye anachenjeza kuti madzi opanda mchere akathiridwa ambiri kumpotoko, kumirako kumafooka. Pakati pa zaka 12,900 ndi 11,700 zapitazo, dziko likutuluka m'nyengo ya madzi oundana, kumpoto kunazizira mwadzidzidzi, ndipo akatswiri ambiri amaloza madzi osungunuka a nyanja yakale ya Agassiz ku North America amene anakhuthukira m'nyanja yamchere. Kumpoto kukazizira chotero, lamba wa mvula wa m'madera otentha, yemwe amatibweretsera dzinja kuno, amasunthira kumwera.

Ngakhale madzi odutsa pakati pa Mozambique ndi Madagascar ali nawo mbali. Amatsika ndi mtsinje wa m'nyanja wa Agulhas, ndipo ena mwa iwo, otentha ndi amchere, amazungulira kunsonga kwa South Africa n'kulowa mu Atlantic. Matope a kufupi ndi Cape Town amaonetsa kuti madzi olowawa ankachuluka kumapeto kwa nyengo za madzi oundana.

Bambo Ngozo (Tsangano)
Mwana wanga, ndikhululukire, koma ndifunse mosabisa. Panalibe munthu woyeza mchere zaka 20,000 zapitazo. Manambala amenewa akuwatenga kuti?

Chikondi Maseko (Bembeke)
Funso loyenera, bambo. M'nyanja muli tizilombo ting'onoting'ono ngati mchenga totchedwa foraminifera, timene timapanga tizigoba kuchokera m'madzi amene tikukhalamo, ndipo tikafa tizigobato timagwera pansi n'kusanjikizana, takale pansi, tatsopano pamwamba. Okosijeni wa m'madzi alipo wopepuka ndi wolemera. Dzuwa limanyamula wopepuka mosavuta, choncho madzi amene aphwera kwambiri amatsala ndi wolemera wambiri, monga amatsalira ndi mchere wambiri, ndipo kachigoba kamasunga muyeso umenewo. Vuto n'lakuti kutentha kwa madzi nako kumasintha muyesowo, ndiye amayezanso magnesium wa m'kachigoba komweko, amene amachuluka madzi akatentha. Akachotsera gawo la kutentha ndi la madzi oundana, chotsala chimasonyeza mchere. Muyesowu umakhala ndi mpata wolakwika, n'chifukwa chake amayerekeza zitsanzo za m'malo ambiri. Mu 1976 James Hays, John Imbrie ndi Nicholas Shackleton anapima matope a zaka 450,000 a kumwera kwa Indian Ocean, ndipo anapezamo mipata yomwe ija imene Milanković anawerengetsa.

Bambo Ngozo (Tsangano)
Ndamva. Koma ndiye dzuwa lenilenilo silisintha? Ndikufunsa chifukwa mvula masiku ano sikuyamba monga inkayambira tili anyamata, ndipo ena kuno amati ndi dzuwa limene lakula mphamvu.

Bambo Mbewe (Lizulu)
Limasintha achimwene, koma pang'ono. Pa nthawi yaitali kwambiri lasintha zedi, chifukwa zaka zoposa 4 biliyoni zapitazo linkawala pafupifupi 70 peresenti ya mmene likuwalira lero. Pa nthawi ya moyo wa munthu, pali mawanga akuda amene amachuluka ndi kuchepa pa dzuwa zaka 11 zilizonse, zimene Heinrich Schwabe analengeza mu 1843, ndipo kuwala kumasintha ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 1,000. Pakati pa 1645 ndi 1715 mawangawa anatsala pang'ono kusoweratu, ndipo zaka zimenezo zinagwera m'nyengo imene ku Ulaya kunkazizira kwambiri. Za m'mbuyo mwa pamenepo amazidziwa kuchokera ku kaboni-14 wa m'mizere ya mitengo ndi beryllium-10 wa m'madzi oundana, zimene zimachuluka dzuwa likafooka.

Mu 2001 Gerard Bond anaonetsa kuti timiyala tonyamulidwa ndi madzi oundana ku North Atlantic tinkachuluka mogwirizana ndi kufooka kwa dzuwa m'zaka 12,000 zapitazi. Mu 2014 Paola Moffa-Sánchez ndi anzake a ku Cardiff University anapima tizigoba ta kumwera kwa Iceland ta zaka 1,000, ndipo anapeza kuti dzuwa likafooka madzi a kumeneko ankazizira ndi kuchepa mchere. Iwo anafotokoza kuti kusintha kochepa kwa dzuwa kumasuntha mphepo, ndipo mphepo ndiyo imasuntha madzi. Ine ndimazilandira zimenezi mosamala, chifukwa m'zaka zomwezo kunaphulikanso mapiri a moto amene phulusa lake limatchinga kuwala, ndipo kulekanitsa ziwirizi n'kovuta. Za Milanković ndi sapropel maziko ake ndi olimba kwambiri kuposa izi.

Chikondi Maseko (Bembeke)
Ndikugwirizana ndi bambo Mbewe pa kusamala, ngakhale ine ndimazipatsa mphamvu pang'ono kuposa iwo, chifukwa mphepo ndi nyanja zimatha kukulitsa kanthu kakang'ono m'dera limodzi ngakhale dziko lonse lisanamve kanthu. Koma pa funso la bambo Ngozo tonse tili pamodzi. Masetilaiti akhala akuyeza kuwala kwa dzuwa kuyambira 1978, ndipo sikunakwere, pomwe kutentha kwa dziko kwakwera. Kupukusika kwa dziko nako kumatenga zaka masauzande, sikungasinthe dzinja pakati pa unyamata ndi ukalamba wa munthu mmodzi. Chimene chakwera ndi mpweya wa kaboni dayokosaidi, kuchoka pa magawo 280 mwa miliyoni mafakitale asanayambe kufika poposa 420 lero. Mchere wa m'nyanja ukuchitiranso umboni: kuyambira m'ma 1950 madera amchere akuwonjezera mchere, ndipo madera amvula akusukuluka, kusonyeza kuti madzi akuphwera kwambiri kwina n'kugwa ambiri kwina.

Bambo Ngozo (Tsangano)
Zikomo, ndikawafotokozera anzanga a kukalabu ya ulimi. Ndinkafuna ndimve kwa anthu amene aziwerenga.

Mayi Nankhoma (Dedza Boma)
Ndathokoza nonse. Lachinayi ndikufuna ana aone ndi maso awo kuti madzi amchere amamira. Ndili ndi matambula agalasi ndi mchere, koma sindikudziwa kuti ndiyambe kuthira ati.

Bambo Mbewe (Lizulu)
Chitani kawiri aphunzitsi. Poyamba dzazani tambula ndi madzi a pampopi, ndipo madzi amchere, amene mwawathira utoto kapena inki, muwatsitse pang'onopang'ono m'mbali mwa tambula; ana awaona akutsikira pansi monga zimachitikira kufupi ndi Greenland. Kenako ikani madzi amchere opanda utoto pansi, ndipo madzi a pampopi autoto muwathire pamwamba kudzera pamsana pa supuni kuti asavunduke. Amenewo ayandama osasakanikirana, ndiye Nile pa Mediterranean. Tambula yachiwiriyo muisiye pamalo osagwedezeka kuti ana aionenso pomaliza phunziro. Madzi onse akhale otentha mofanana, kuti ana asasokoneze ntchito ya mchere ndi ya kuzizira.

Mayi Naphiri (Mtakataka)
Aphunzitsi, mukajambule matambulawo mutitumizire muno, ndikufuna ndiwaonetse adzukulu anga.